Theka la Chitini

Mpopoma, Bulawayo
14 Ogasiti 1977

Okondedwa Amayi,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata, pomwe maso anu savomera kuwerenga. Ndayesa kukhala chete koma zandikanika.

Ndikadali pa kampani yokumba zitsime ija, pomwe achimwene Enock anandipezera ntchito. Ntchito yanga ndi kuyesa ufa woyera umene amasakaniza ndi simenti yomata mapaipi m'chitsime. Akuti unapangidwira zitsime za mafuta kunja. Umagwira madzi kuti asathawire mumchenga simenti isanafike pansi. Ukachepa, simenti imauma panjira n'kugwira zitsulo zokumbira.

Chitsekereni malire, ufawu ukubwera wochepa. Mwezi watha kapitawo wathu, a Jasper, anandiuza kuti m'pepala lililonse lomangamo ufawu ndiziika theka la chitini m'malo mwa chitini chathunthu, kwinako ndizidzaza laimu. Ndinati, "Nanga ikauma, bambo?" Iwo anati, "Thula, sisi, khala chete. Wakufunsa ndani? Mchenga suwerenga zitini." Ndinayesa theka, Amayi. Ndinamanga bwinobwino ngati masiku onse.

Mapepala amenewo anapita ndi gulu la achimwene cha ku Lupane. Simenti inauma pakati. Ntchito ya masiku atatu yafika sabata yachitatu, ndipo bwana wanena kuti wina asabwereko zitsulo zisanazulidwe. Kumeneko ndi kunkhondo. Msewu wake amakwiriramo mabomba.

Akuti olakwa ndi achimwene, sanasakanize bwino. Dzana dalaivala anabwera ndi kakalata ka achimwenewo. Alemba kuti, "Mwina ndinathira madzi ochepa. Ufa sindikuukayika, anayesa ndi Loice, ndipo Loice saphonya." Ndinakawerengera kuseri kwa matumba.

Ndikaulula, a Jasper akana, ine andichotsa, ndipo chipinda chimene tikugonamo ndi mlamu Dorah ndi khanda lake n'cha kampani. Ndikakhala chete, achimwene asenza mlandu wanga, ndipo mapepala ena makumi awiri a theka omwewo akudikira kupita ndi gulu lina kutha kwa mwezi. Mlamu sakudziwa. M'mawa uliwonse amandikonzera tiyi n'kundifunsa ngati kuntchito ndamvako kanthu.

Mundiperekere moni kwa achemwali Winifred, koma nkhaniyi isafike kutchalitchi. Ngati akukuwerengerani ndi iwowo, achemwali, ndikhululukireni inunso.

Munkandiyamikira kuti sindisiya kambewu koipa ndi kamodzi komwe ndikamasankha nyemba. Ndiuzeni chochita, Amayi. Chonde yankhani msanga, mwezi usanathe.

Ndine mwana wanu,
Loice