Akufuna Kuonanso Mwendo wa Bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mayi chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno ndili bwino.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti bambo akukana kukaonekera kwa oyendera a boma. Sindikuwadzudzula. Lamuloli linatuluka mu ofesi yathu yomwe ino, m'chipinda cham'mwamba, momwe mumakhala anthu amene sanakhalepo pa benchi ya chipatala. Akuti aliyense amene boma limamulipirira mwendo wochita kupanga aziwonekera chaka chilichonse, azivula mwendowo pamaso pa oyenderawo, iwo atsimikize kuti ngodukadi. Ndinafunsa abwana ngati alipo munthu amene mwendo wake unaphukanso ngati mchira wa buluzi. Sanaseke. Anati sukulu ndinapita, koma za boma sindinazidziwebe.

Akuba alipo, achemwali, sindikana. Chipatala china chachikulu kuno chinalipiritsa boma miyendo ya anthu amene akuthamanga ndi yawo yobadwa nayo. Chinatinso chinathandiza bambo wina wandevu kubereka mwana. Eni chipatalacho anaitanidwa ku hotela, anamwa tiyi ndi akuluakulu athu, n'kutuluka akusekerera. Oyendera atumizidwa kwa inu.

Ine anandipatsa ntchito yoyerekeza zimene zimabedwa m'zipatala zing'onozing'ono ndi zimene timawononga posaka akubawo. Galimoto, mafuta, malo ogona, misonkhano yokonzekera misonkhano ina. Kusakako kukudya zambiri kuposa kubako. Nditapereka zimene ndinapeza, abwana anayamikira kuti chikuto ndinamata bwino, n'kukhazikapo kapu yawo ya tiyi. Mnzanga wa tebulo loyandikana, amene timamutcha Alawansi chifukwa ulendo sumuphonya, anandinong'oneza kuti ndisiye kuthira mchenga m'mbale ya anzanga. Iyeyo wagula firiji, ndipo amati anaigula ndi thukuta.

Nthawi zina ndimadzikayikira. Mwina popanda oyenderawa akuba akanachuluka, ndipo zimene sizinabedwe chifukwa cha mantha palibe angazidziwe. Mwinanso ndimanyoza chifukwa ine samanditenga pa maulendowo. Sindidziwa. Koma sindinaonepo wakuba amene anagwidwa povula nkhalamba.

Pempho langa ndi limodzi. Bambo akapanda kuonekera, dzina lawo lichotsedwa, ndipo mwendo wawo wochita kupanga uja, womwe mukuti wayamba kuwachititsa zilonda, sadzawasinthira. Ndinapempha kuti ndiwachitire umboni ine. Anandiyankha kuti mwana sangachitire umboni mwendo wa bambo ake, pangakhale chinyengo. Choncho anyengerereni apite. Musawauze kuti ndi lamulo, angakwiye. Muwauze kuti ndapempha ndine.

Avale buluku lotakasuka loti n'kulipinda mpaka m'ntchafu, kuti asachite kulivula. M'chipindamo mumakhala anthu ambiri, ena ndi atsikana a msinkhu wa adzukulu awo, ndipo chotchinga mulibe. Oyenderawo amajambulanso zithunzi. Alamu alowe nawo, aziima kutsogolo kwawo pamene akumasula malamba.

Mundiperekere moni kwa mayi, azakhali, alamu ndi ana onse. Bambo muwapatse moni wanga pomaliza, mukaona kuti mtima wawo wakhala pansi. Akafunsa ngati ndikugwirabe ntchito ku ofesi imeneyi, muwauze zoona.

Ine mlongo wanu wotsiriza kubadwa.