Thupi lazizira, ife n'kumathokoza

Lachinayi madzulo. Lero mutu wanga waima.

M'mawa ndinakhudza pamphumi pa Vitumbiko, mlongo wanga amene anapsa ndi mafuta a tchipisi ku Ching'ambo. Kutentha konse kuja kunali kutatha, pamphumi pali zii. Ndinawaimbira foni amama pompo. Masana amayi a kutchalitchi anadzaza wodi, uku akuimba, uku akuti, "Yewo chomene, Fumu!" Ine mpaka ndinathamangira kunyumba kukamutengera malaya otulukira.

Nditabwerako, adokotala anandiitanira pakhonde. Akuti zimene amayeza m'magazi ake zakwera kwambiri, kusonyeza kuti majeremusi a pabala alowa m'magazi.

Ndinawatsutsa. "Koma adokotala, thupi lazizira! Si kuchira kumeneko?"

"Ayi, mama. Munthu wakupsa amatentha thupi ngakhale majeremusi asanalowe, n'chifukwa chake sitidalira dzanja, timafunsa magazi. Kuzizira kotereku ndiye kuti thupi layamba kugonja."

Ndiye tinkaimbira chiyani ife?

Amuika diripi ya mankhwala amphamvu. Malaya aja ali m'jumbo pansi pa bedi. Amama sindinawauzebe. Agula kale nkhuku yomulandirira mawa, ndipo foni ndaigwira m'manjamu, koma poyambira...