Tsitsi Langa mu Envulopu ya Abwana

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Ife ku Oshawa kuno, kudziko la azungu, tilipo. Mdzukulu wanu Tadala, amene anabadwa inu mutapita kale, wamera mano awiri. Maungu aja ndinabzala kuseri kwa nyumba, ndipo tadya nkhwani mpaka chisanu chinawapsereza.

Koma zandionekera, Amayi. Ku Oakville, kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, kunasowa mapiritsi amphamvu opha ululu, aja ena amawaba kuti aziledzera nawo. Tsiku limenelo anamwino tinalipo asanu ndi mmodzi. Abwana anaitana awiri kuti tikayezedwe ngati timamwa mankhwala ozunguza bongo: ine ndi Mayi Zulu a ku Chipata. Akuda pagulu lonselo tinali ife tomwe. Akuti anachita maere. Maere anji odziwa khungu la munthu?

Ndinkayesa atenga mkodzo. Ayi ndithu, mayi woyezayo anatulutsa sizasi. Akuti tsitsi limasunga zonse zimene munthu wamwa miyezi yapitayo, ndipo ndikakana ntchito yatha. Pomwepo ndinakumbukira mawu anu. Munkatikalipira tikamaliza kupesa: "Tolani tsitsilo, munthu wachilendo asaligwire!" Ine ndinkaseka, ndinkati nzachikale. Tsono chimetereni pamaliro panu, mutu wangawu sunaonenso lumo. Tsitsilo ndinkalisunga dala, pokumbukira inu. Ndiye mlendo anandiweramitsa, n'kudula kunkhongo, n'kuika mu envulopu, n'kulembapo nambala. Ndinalira ngati mwana, Amayi, ine amene ngakhale mowa sindiudziwa kukoma kwake.

Ndinakhala panyumba milungu iwiri, osadziwa ngati ndidzavalanso yunifomu. Zotsatira zinabwera zoyera, za ine ndi za Mayi Zulu omwe. Mapiritsiwo anapezeka atagwera kuseri kwa kabati. Palibe anapepesa. Abwana anangondimwetulira pakhomo ngati ndachokera kutchuthi.

Ndinawapempha kuti andibwezere tsitsi langa. Anayamba kuseka, kenaka ataona kuti sindikuseka, anati linatayidwa kale. Apo mpamene mtima unandiwawa kuposa poyamba.

Ndakadandaula ku bungwe lathu la ogwira ntchito, ndipo Mayi Zulu asainira nawo. Ndikukulonjezani kuti sindisiya mpaka anene pamaso pa onse chifukwa chimene anasankhira ife awiri. Podulidwa paja payamba kumera, koma ndikamapesa chala chimaima pomwepo. Pepani Amayi, ili lokha ndinalephera kulitola.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Chikondi