Phungu pa Maliro a Azakhali

Achemwali a Pi-hsia,

Ndikhulupirira muli bwino uko ku Brazil. Kuno ku Yunlin mpunga wacha, ndipo azakhali amene anatilera aja tinawaika Lachinayi.

Mlongo wathu Kun-shan, phungu uja, anabwera. Zaka khumi ndi ziwiri zothamangira maliro a eni posaka mavoti zamuumitsa mtima. Analowa atavala malaya a kampeni, n'kuwerama katatu, n'kundigwira dzanja ine nditafunda chiguduli chamaliro kumutu.

"Pepani mayi, malemuwa anali ndani wanu?"

Ndinati, "Amene ankakuchapira matewera, galu iwe!"

Zimene azakhali ananena za iye asanatsirizike, dzanja langa likukana kulemba. Bwerani mudzamve nokha.

Ndine mng'ono wanu,
Hsiu-luan