Makhadi Awili a Nkhalamba Imodzi

Kwa Luembe, Nyimba
14 Julaye 1958

Okondedwa mwana wanga Olipa,

Ndikali moyo, ngakhale amai ako anandisamutsila m'khumbi la kuseli, mbale yangayanga ngati galu wa mzungu. Akuti ndili ndi chifuwa chachikulu, ndipo ndamva anakuletsa kubwela ndi mwana. Miyezi isanu tsopano! Makhololo ndapeleka katatu ku chipatala, osapezamo kanthu, koma jekeseni sasiya. Matako asanduka sefa.

Ndiulule kwa iwe. Ku chipatala cha misheni ndine Eustace, wa zala zotupa ndi maondo ouma m'mawa. Ku boma ku Petauke ndine Whiteson, dzina la ku mgodi wa Sasare, wa chifuwa ndi befu. Ndinkati nkhalamba ziwili zilandila mankhwala ambili kuposa imodzi. Zaka zitatu akhala akuchiza anthu awili, onse osapeza bwino.

Lachitatu ku boma kunafika dokotala wa ku Fort Jameson. Anandipatsa kachitini kolavulilamo, chivindikilo n'kundikana. Anagwila dzanja langa, nalitembenuza, napeza timibulu pa chigongono.

"Bambo, zala izi zinayamba liti?"

Ndinati, "Zala ndi za Eustace, bwana. Ine ndabwela ndi chifuwa."

Womasulila anaseka mpaka kukhala pansi. Dokotala sanaseke. Ndinatulutsa khadi la Eustace m'chipewa, iye naliika pamodzi ndi la Whiteson, nati mwina nthendayi ndi imodzi, nyamakazi yoyamba m'mfundo n'kukwela m'mapapo, yosapatsilana. Afuna akaone magazi ndi kujambula chifuwa ku Fort Jameson, koma lole ya odwala ndi ya mwezi wamawa. Jekeseni waletsa, nandilembela pepala loti ndibwelele m'nyumba.

Amai ako analiyang'ana chozondoka nati, "Mwalemba nokha ili. Ndakhala nanu zaka makumi anai." Tsiku limodzi lokha ndanena zoona, wondikhulupilila palibe!

Ndiye pepalalo ndaika muno. Iwe Chingelezi uchidziwa, ndipo amai ako iwe amakumvela. Uliwelenge, uwalembele msanga, kuno kukuzizila.

Moni kwa amuna ako a Tembo ndi onse a ku Broken Hill. Mdzukulu wanga Febian umuuze kuti ambuye ake sanamuonepo, koma amusemela kagalimoto. Mawilo atatu ndinatsiliza zala zisanapindike, lachinai landikana. Ubwele naye asanadziwe kuwelenga mawilo.

Ndine atate ako,
E. W. Mwanza