Mbaula M'bwato la Fines

Nangongwe,
Kafue.
28 Julaye 2024

Atate aakulu,

Ndiyambe ndakonza zimene mwakhala mukumva, moni abwere pambuyo. Ine Agatha, mwana wa mng'ono wanu, sindine mfiti, ndipo sindinapangane chilichonse ndi anthu a ku Chanyanya. Nkhuku ya atate aakazi, a Dainess, ndinaiphadi, masana, anthu akuona. Koma sindinaiphe ndi mankhwala. Ndinaipha ndi makala ogula pamsika.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko ku Chipata? Bondo lija likukulolani kufika kudimba? Nanga amayi aakulu, chifuwa chawo chili bwanji ndi kuzizira kuno? Ife kuno tilipo, ngati kumeneku n'kukhalapo.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula ndisanamalize mawu. Pepala simungalidule. Mukhoza kuling'amba, koma ndikukudziwani, muyamba mwaliwerenga.

Ndamva kuti mwalamula kuti sukulu zikatsekera Lachisanu likubwerali, a Dainess akatenge Jethro ndi Lindiwe, ana a mlongo wanga Fines, n'kuwakweza basi kubwera nawo kwa inu. Akuti mwanena kuti ana athu sangakulire m'nyumba ya mkazi amene abale ake anapha bambo wawo. Ndikulemba kuti mubweze mawu amenewo.

Mwamva nkhani ya Fines kuchokera kwa anthu amene sanapondepo padoko la Chanyanya. Imvani tsopano kwa ine amene ndinapitako.

Mukudziwa kuti atate atamwalira, ntchito za m'mafakitale zitavuta, Fines anakwatira Choolwe wa ku Chanyanya naphunzira usodzi kwa alamu ake. Tsiku limene anasowa, mu Juni, ananyamuka kusanache ndi Chimuka, mlongo wake wa Choolwe, monga ankachitira nthawi zonse. Chisanu cha pamtsinje wa Kafue simuchidziwa, atate. Zala zimauma mpaka kulephera kugwira chingwe cha ukonde.

Choncho asodzi amatenga mbaula m'bwato, n'kuikhazika pa lata. Akaponya maukonde, podikira, amakoka tenti ya pulasitiki kuchokera kumutu kwa bwato mpaka kumbuyo, n'kudzifunditsa pamodzi ndi mbaulayo. Si anthu opusa. Amayamba adikira kuti makala afiire, utsi wonse uthe, ena amawazako ndi mchere. Amakhulupirira kuti chopha munthu ndi utsi, ndiye utsi ukatha ngozi yatha.

Chopha munthu si utsi. Makala ofiira bwinobwino, akakhala pamalo otseka, amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, wotchedwa kaboni monokosaidi. Umalowa m'magazi mwakachetechete. Mutu umayamba kupweteka, miyendo imafooka, munthu amakhala ngati waledzera. Akazindikira kuti zinthu sizili bwino, thupi limakhala litasiya kale kumumvera. Izi ndinaziphunzira chaka choyamba ku yunivesite, ija imene banja lonse limakonda kundikumbutsa kuti sindinaimalize.

Amayi ogula nsomba ndiwo anaona bwatolo dzuwa litakwera, likuyandama lokha m'mbali mwa mabango. Atalikokera kumtunda anapeza Chimuka ali chafufumimba, atasanza, osadziwa kanthu. Mbaula inali isanazizire. Tenti inali yotseguka mbali imodzi, kumbuyo, kumene Fines ankakhala. Jekete yake inalipo. Mwini wake kunalibe.

Chimuka anatsitsimuka mawa lake kuchipatala, ndipo a kumeneko ananena chimodzimodzi, kuti ndi mpweya wa makala. Apolisi anamusunga, anamufunsa, anamutulutsa chifukwa panalibe chomugwirira. Anafufuza pamtsinje pamodzi ndi asodzi, m'mabango, mpaka kumunsi kwa mlatho. Sanapeze kanthu. Nkhaniyo kwa iwo ikadali yotseguka mpaka lero.

Ndinapita kukamuona Chimuka. Munthu amene a Dainess akuti anakhwimira Fines kuti ukonde wake uzikola, ndinamupeza atakhala pampando kuseri kwa nyumba, kapu ya tiyi ikumuvuta kufikitsa pakamwa. Amayamba nkhani n'kuiwala pamene anayambira. Pamtsinje sanabwererenso, ndipo ukonde wokhwimawo ukudyedwa ndi makoswe.

Ndinamufunsa mosanyengerera, monga mukundidziwira. Anati: “Ba Agatha, mutu unali kuwawa tonse awiri. Ba Fines anakamba ati, mlamu, nifuna kamphepo. Ninamva tenti yatseguka. Kuchoka apo sinikumbuka.” Ndinamufunsanso kangapo, mozungulira, kuti ndimukole. Mawu ake sanasinthe, ndipo sanawonjezepo chodzikometsera.

Anthu akuti kuiwala kwakeko ndi umboni woti akubisa. Kuiwalako ndi chilonda chimene mpweya uja umasiya m'mutu.

Ine ndikuganiza kuti Fines anasuzumira kunja kufuna mpweya, miyendo itafa kale, n'kugwera m'madzi atavala majombo. Ndipo tenti imene anatsegulayo ndi imene inapulumutsa Chimuka. Sindingalumbire, sindinalipo. Komanso a Dainess sanalipo, ndipo iwo akulumbira tsiku lililonse.

Ku Chanyanya ndinamvanso kuti Fines si woyamba. Amayi ena anandiuza za amuna awo ndi ana awo amene bwato linabwera lokha. Wina anati ng'ona, wina anati mvuu, wina anati mwamuna wake anathawira kwa mkazi wina ku Mazabuka. Ndinkangofunsa funso limodzi, kuti unali mwezi wanji. Ambiri anati inali nyengo yachisanu. Nditauza asodzi padoko za mpweya wa makalawu, anandiseka. Wina anati chisanu chimapha msanga kuposa mabuku anga. Mawa lake ananyamuka ndi mbaula zawo.

Tsopano za nkhuku.

Sabata yatha a Dainess anaitanitsa banja kunyumba kwawo ku Shimabala. Choolwe anamukhazika pansi pakati pa bwalo, ife tonse pamipando. A Dainess analankhula nthawi yaitali. Anati anthu a kumtsinje amadziwana, anati mkazi amene mwamuna wake wasowa sanenepa masaya chotere, anati malowolo tinapereka ndipo ana ndi athu. Choolwe ankangopotokola nsonga ya chitenje chake.

Nditayamba kufotokoza za mpweya, a Dainess anati: “Tamverani, ba Pulofesa ayamba kalasi.” Anthu anaseka. Msuweni wathu Gershom anati iye wakhala akuwotha mbaula kuyambira ali khanda ndipo sanafe. Ndinamuuza kuti nyumba ya amayi ake ili ndi mabowo ambiri kuposa sefa, ndipo ayamike umphawi umene wamusunga. Ndikudziwa kuti mawu amenewo anakufikani. Sindikuwabweza.

Ndinaona kuti pakamwa pokha sindiwatha. Ndinali nditabwera ndi makala ndi tenti yobwereka padoko. Ndinapempha mbaula ya a Dainess omwe, ndipo ndinawauza kuti asankhe okha nkhuku m'khola mwawo, kuti pasakhale wonena kuti ndabwera ndi yodwala. Anasankha thadzi lalikulu lofiira, akuseka, nati likapsa ndidya ndekha ndi nthenga zomwe.

Ndinayatsa makala pabwalo, tonse tinadikira mpaka atafiira, utsi utatheratu. Gershom ananunkhiza yekha nati palibe fungo. Mchere anawaza ndi a Dainess, ndi dzanja lawo. Kenako ndinayala tenti pamwamba pa mabenchi awiri, mbaula mbali iyi, nkhuku mbali inayo, patali ndithu kuti moto usaifike, n'kutsindira m'mphepete ndi njerwa.

Poyamba inkalira ndi kupalasa pansi. Kenako inachepetsa. Kenako kunangoti zii. Nditatsegula, inali itakhala pansi, maso ali otsegula, nthenga ngakhale imodzi yosawauka. Ndinaiimika. Inayenda pang'ono ikudzandira ngati chidakwa, inagwa cham'mbali, ndipo sinadzukenso.

Atate, ndinayang'ana nkhuku ija ndipo ndinaona mlongo wanga. Sindinalire pamaso pawo. Ndinaima chilili, ndikudikira kuti wina anene kuti wamva.

Kenako a Dainess ananyamuka, anakokera mpando wawo kutali ndi ine, nati motsitsa mawu: “Manje iwe Agatha, unadziwa bwanji m'mene anamuphera?”

Basi, mlandu unathera pomwepo. Gershom anati n'chifukwa chake ndakhala ndikupitapita ku Chanyanya. Wina anati tsopano zamveka zimene ndinakatenga ku Lusaka m'malo mwa digiri. Nkhuku ija palibe anaikhudza ndi manja. Anaikankha ndi khasu n'kukaikwirira kuseri kwa chimbudzi, pamodzi ndi mbaula. Madzulo omwewo anakuimbirani foni, ndipo inu munapereka lamulo lanu.

Kuyambira tsiku limenelo, ana amene ndimawaphunzitsa pakhonde pokonzekera mayeso achepa. Makolo awo amva. Zimenezo ndi zanga, ndipo sindikukudandaulirani. Anthu a ku Nangongwe akhala akundinena kuyambira tsiku limene ndinatsika minibasi ndi sutikesi ya mabuku, ndipo sindinaonde nazo.

Koma ana a Fines sanalakwe kanthu.

Musaganize kuti ndikulemba chifukwa ine ndi Choolwe ndife mabwenzi. Sitili. Ndi mkazi wozizira, woyankha mawa funso la lero, ndipo tsiku la ukwati wawo ndinauza Fines kuti akanatha kupeza woposa ameneyu. Maganizo amenewo sindinawasinthe kwenikweni. Koma ndaona zimene a Dainess sanaone chifukwa sapita kunyumbako.

Mkazi ameneyu sali pabanja, komanso si wamasiye. Sangamete, sangavale zakuda, sangalire maliro, chifukwa palibe mtembo. M'mawa uliwonse akaperekeza ana kusukulu amapita padoko n'kuima pamene mabwato amafikira. Safunsa munthu. Amangoyang'ana bwato lililonse mpaka lomaliza, kenako amakagula nsomba zokagulitsa. Masaya amene a Dainess akuti anenepa ndi otupa.

Jethro wayamba kukodza pogona, mwana wa giredi faifi. Amayi ake amachapa bulangete kusanache kuti mlongo wake asaone. Lindiwe sadya ngati amayi ake sanakhale naye pambali. Bambo wawo anachoka m'mawa wina osabwerera. Tsopano mukufuna kuti m'mawa winanso akwere basi, amayi awo atsale pasiteshoni. Mudzawauza chiyani akadzafunsa? Kuti amayi awo ndi wakupha? Ndani adzawauze zimenezo, inu kapena amayi aakulu?

Za malowolo ndikuzidziwa, ndipo sindikutsutsa kuti ana ndi a kwathu. Dzina lawo ndi lathu, ndipo palibe akuwalanda. Koma mwambo umene mukuugwiritsa ntchitowo ndi wa ana a munthu wakufa. Inu mwamuika liti Fines? Ngati muli ndi umboni woti anafa, tiuzeni kumene ali tikamutenge. Ngati mulibe, ndiye mukuchotsa ana m'nyumba ya munthu amene simunamulire n'komwe.

Ndinauza Choolwe kuti lamulo la boma lili kumbali yake, kuti tikhoza kupita kwa a zosamalira anthu kapena kukhoti. Anakana. Anati sangaimirire pamaso pa akuluakulu kutsutsana ndi atate a mwamuna wake, chifukwa Fines akadzabwera adzamufunsa kuti anachitiranji zimenezo. Ameneyo ndiye mkazi amene mukumuopa. Choncho palibe khoti limene lidzakuletseni. Mawu ndi anu okha.

Sindinakupemphenipo kanthu, atate. Pamene ndinachoka ku yunivesite sindinabwere kudzagwada pakhomo panu, ngakhale ena ankayembekeza kuti nditero. Lero ndikugwada. Imbirani a Dainess Lachisanu lisanafike, muwauze kuti ana akhale kwa amayi awo. Za sukulu yawo ndidzaziyang'anira ine. Pa Khrisimasi ndidzabwera nawo ndekha kumeneko, mudzawaone, mudzawafunse chilichonse chimene mukufuna, kenako ndidzabwerera nawo.

Ngati simukundikhulupirira, bwerani. Ndidzakulandirani pasiteshoni, tidzapite ku Chanyanya, mukamuone Chimuka ndi maso anu, mukaone ndi mabwato mmene amawafunditsira. Muli ndi nzeru zokwanira kuona nokha. Simunafune nkhuku kuti mumve zinthu, ndi anthu ena amene anaifuna.

Ndipo ngati m'mudzimo muli wogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, muuzeni aitulutse. Mukhoza kunena kuti mwamva pawailesi, dzina langa lisaononge uthengawo.

Mundiperekere moni kwa amayi aakulu, muwauze kuti mafuta opaka aja ndidzawatumizira ndi kondakitala wa basi yemweyu amene wabweretsa kalatayi, mwezi wamawa. Moni kwa Elina ndi ana ake, ndi onse a pakhomo amene akufunabe kulandira moni wanga. Mulungu akusungeni, akupatseni masiku, ndipo atisonyeze kumene kuli Fines.

Ndine mwana wanu,
Agatha

Choolwe sakudziwa kuti ndakulemberani. Dzulo ndinamupeza atachapa zovala zonse za ana, atazisita, n'kuzilongedza m'chikwama.