Dzina la Uladi pa Wailesi

Nsanama, Machinga
26 Epulo 1992

Okondedwa achimwene Abdulrazak,

Salamu zikupezeni ku Bulawayoko. Khalani pansi kaye, chifukwa dzana kuno tinalira maliro a munthu wamoyo!

Mwezi watha boma linatseka koleji ku Zomba, ana onse n'kuthamangitsidwa. Chifukwa chake musandifunse, kalata imadutsa m'manja ambiri. Mng'ono wanu Uladi anangotulukira ndi sutikesi pamutu, nati obwerera adzaitanidwa, ena basi sukulu yathera pomwepo. Amayi anakondwa kuti adya naye Idi, koma ine mtima unali m'mwamba. Mphuno salota, ndani akanadziwa ngati wathu ali m'gulu loitanidwa?

Sabata yatha mwanayo anapita ku Utale kukathandiza amalume kukolola. Dzana masana amayi akupeta mpunga, wailesi ya aneba athu che Asiya inati: "Uladi Sufiyani, Nsanama, Machinga." Mukuwadziwa amayi, Chichewa cha pa wailesi chimawadutsa, ndipo kwa iwo dzina likatchulidwa mmenemo ndi uthenga wa maliro basi. Lichero uko! "Mwanangu ine! Amupha!"

Ine ndinali ku chigayo. Pobwera ndinapeza khonde ladzaza, azimayi akulira, azibambo akufunsana za makasu ndi nsalu ya sanda. Che Asiya amakuwa kuti, "Iyayi, ndi mayina a obwerera ku koleji amenewo!" koma ndani amawamva?

Ndiye ngiringiri, belu la njinga. Uladi uyo, thumba la chimanga pakaliyala, wavula kofiya mwaulemu.

"Pepani, watisiya ndani?"

"Iweyo!" anatero che Asiya.

Achimwene, anthu anaseka mpaka kugwa pansi. Nkhuku ziwiri zinaona zakuda tsiku limenelo. Malemu athu anadya ntchafu zonse, opanda ndi manyazi omwe.

Uladi anyamuka Lolemba kubwerera ku Zomba. Mnzake Yoram wa ku Balaka dzina lake silinamveke, mumuikeko m'mapemphero.

Abambo akupereka moni, akuti jekete ija isachedwe, kuzizira kwayandikira. Amayi sanamusiye dzanja Uladi mpaka lero. Ndawafunsa choti ndikulembereni, akuti: "Umuuze kuti uyu ndamulira kale, sangafenso ine ndili moyo. Koma mkulu wakeyo abwere ndimuone ndi maso, asadikire wailesi."

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Nafisa